Jet ski si chidole: zomwe zinayankhulidwa pamsonkhano wa kudoko, ku Mtakataka

Zikomo a Gogo Chalo, zikomo nduna zonse, a komiti ya doko, amayi ndi abambo. Anyamata inu mwabisala kuseri kwa thandala uko, sunthirani kuno. Nkhaniyi ndi yanu kuposa wina aliyense.

Zomwe zachitika Loweruka lathali nonse mwamva. Dzina la mwanayo sinditchula, makolo ake ali m'chipatala ndipo mitima yawo ili m'mwamba. Kunabwera alendo ochokera m'tauni, atakoka kanjinga ka pamadzi kaja kumbuyo kwa galimoto, aja amati jet ski. Mwana anali m'bwato, akupita kukawonjola matchera a bambo ake. Chinthu chija chinabwera chili liwiro n'kuwomba bwato cham'mbali. Mwana anagwera m'madzi, anasambira yekha, anafika pamchenga n'kuimirira. Magazi panalibe. Alendo aja anamusisita pamutu, napereka timapepala tingapo ta ndalama kwa amalume ake, nakweza chinthu chawo, ulendo. Usiku mimba inayamba kuuma ngati thabwa, mwana thukuta lili kamukamu, milomo yatuwa. Pofika kuchipatala anapeza kuti kapamba waphulika, magazi akutayikira m'kati. Panopa amuchita opaleshoni. Ndiye ndifunse: pa anthu onse munali pagombe paja, ndani analemba nambala ya galimoto ija?

Mwaona, chete. Tibwererako kumeneko.

Poyamba tidziwe chinthu chimenechi. Ambiri mumachiona chikudumpha mafunde ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, mumvekere kaseweretsa ka azungu. Si chidole chija. Zambiri zimalemera makilogalamu oposa 300 munthu asanakwerepo, ndipo zamphamvu zimatha kufika makilomita 100 pa ola. Ngakhale chikamayenda makilomita 60 okha pa ola, pa sekondi imodzi chadutsa mamita pafupifupi 17. Mukati "eee, tawonani uyo", chafika kale.

Tsono mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pagona ngozi. Boti la injini lomwe timalidziwa lili ndi chopukusa madzi kunja, mumachiona. Jet ski ilibe. Imayamwa madzi kunsi kwake n'kuwalavula kumbuyo mwamphamvu kudzera pa kapaipi, ndipo mukakhotetsa mahandulo, chomwe chimakhota ndi kapaipi kameneko. Ndiye kuti chimakhota pokhapokha madzi akulavulidwa. Munthu wosazolowera akaona bwato kutsogolo, mantha amugwira, chinthu choyamba amasiya kupatsa moto. Akasiya moto, madzi aja asiya kutuluka. Akhotetsa mahandulo mpaka kumapeto, koma chinthu chikungopita molunjika komwe chinayang'ana. Mukasiya moto, sichikhota. Ndipo zambiri zakale zilibe buleki. Jet ski ya mtundu wa Sea-Doo yokhala ndi buleki inatuluka mu 2009, koma zomwe zimafika kuno zambiri ndi zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo inu muli m'madzimo simungadziwe kuti ili ndi buleki ndi iti. Wa kabaza pamsewu wa ku Golomoti akakuonani mochedwa amaponda buleki, matayala n'kugwira phula. Pamadzi palibe chogwira. Choncho musamati wandiona, andipewa. Angathe kukuonani bwinobwino, maso ndi maso, n'kukuwombanibe.

Ndibwereze kuti agogo kumbuyoko amve: akasiya moto sichikhota, ndipo sichiima pomwepo.

Tsopano ana athu. Ine ndimaona. Chikangolira chinthu chija, ana onse aliyense kuthamangira m'madzi, ena kusambira kuchilondola, akukuwa kuti atikwezeko. Mutu wa mwana m'mafunde suoneka, makamaka dzuwa likapendeka, madzi akunyezimira. Amayi muli pomwepo mukutsuka mbale, mukuseka nawo. Ayi amayi, kumeneko si kokaseka. Ndipo kukubwera pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, pamene tauni yonse imakhuthukira kunyanja, ma minibasi odzaza, zoimbira zili pamwamba, mabotolo m'manja. Munthu wamwa kuyambira m'mawa, dzuwa lamuwotcha, ndiye akuti ndipatseni ndiyendetseko. Ameneyo ndi amene mukufuna kuti aone mutu wa mwana wanu? Tsiku limenelo ana asambire pamalo amodzi, pafupi ndi mtunda, wamkulu ali pomwepo wosagwira ntchito ina.

Za kuvulala kwake. Ife tinazolowera kuti ngozi ya panyanja ndi kumira. Izi n'zosiyana. Ku America, komwe zinthuzi zilipo zambiri, bungwe lawo lofufuza ngozi za maulendo linatulutsa lipoti mu 1998, ndipo linapeza kuti pa jet ski anthu ambiri amafa chifukwa chowombedwa, osati kumira. Mutu, khosi, msana, nthiti, chiwindi, kapamba. N'chifukwa chake munthu amatha kudzuka n'kuyenda, kunja osaoneka bala, m'kati akutha. Wowombedwa ndi chinthu chimenechi apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale akuseka, ngakhale akuti ndili bwino. Kuchipatala cha ku Mua si patali. Osadikira kuti tione kucha.

Pali kuvulala kwina kochititsa manyazi kunena pagulu, koma ndinena, apongozi mundikhululukire. Wokwera kumbuyo akagwa chagada pamene mnzake wapatsa moto mwadzidzidzi, amagwera pomwe pamatulukira madzi paja. Madzi amenewo amalowa kumaliseche kapena kotulukira chimbudzi ndi mphamvu yoti amang'amba m'kati. Opanga zinthuzi eni ake amalemba chenjezo pa chinthucho kuti wokwera avale kabudula wokhuthala wothina uja wa osambira pansi pa madzi. Atsikana athu amakwezedwa atavala kasiketi kapena chitenje, kuti ajambulidwe chithunzi cha pa Facebook. Ndipo akavulala amabisa. Amayi, mwana wotere musamukalipire kaye, muthamangire naye kuchipatala, zokalipa mukachita atachira.

Inu anyamata amene mumapita kukagwira maganyu m'maloji, ndikudziwa kuti bwana akachoka mumaba kaulendo kamodzi. (Kuseka.) Mukuseka chifukwa mukudziwana. Pa chinthu chija pali kachingwe komangirira pamkono kapena pajekete, kuti mukagwa kasolole kiyi, injini izime. Inu mumakakulunga pa handulo, ati kamasokoneza. Mukagwa chimapitirira chokha, popanda munthu, kulunjika komwe kuli osamba. Jekete yoyandamitsa nayo mumakana, ati ine ndinabadwira panyanja. Kubadwira panyanja kumathandiza munthu amene ali maso. Wakomoka sasambira. Izi ndikunenanso kwa eni maboti a injini amene mumanyamula anthu ndi matumba a usipa mpaka madzi kufika m'milomo ya boti. Ku Mlowe m'boma la Rumphi, pa Pasaka wa 2017, boti lodzaza ndi anthu ochokera kumapemphero linagubuduzika, anthu n'kufa. Mu 2023 pa mtsinje wa Rusa ku Mchinji, anthu akupita kumaliro, zomwezonso. Mwera ukayamba sufunsa kuti unabadwira kuti.

(Mayi wina anaimirira: "Pepani achimwene, ndikuduleni. Zonsezo tamva. Koma wabwera ndi galimoto yake yaikulu, wavulaza mwana wanga, akundipatsa ndalama m'manja pompo. Ine ndilibe ngakhale ya njinga yopitira ku Mua. Ndikane? Ndikalimbana naye kukhoti ine wogulitsa mandasi?")

Zikomo mayi, khalani pansi. Funso limeneli ndi lomwe aliyense ali nalo mumtima, inu mwangolimba mtima kulitulutsa.

Sindikuti mukane ndalama yothamangira kuchipatala. Landirani, moyo wa mwana ndiye woyamba. Kuposa apo, muuzeni kuti galimoto yakeyo inyamule mwanayo. Chomwe ndikukaniza ndi ichi: musanene kuti nkhani yatha, ndipo musasaine kapena kudinda chala pa pepala lililonse pamchenga paja. Tsiku loyamba simudziwa kukula kwa kuvulala. Amalume aja analandira ndalama ya bala lomwe sanalione. Lero kuli opaleshoni, kuli wodikirira wodwala amene wasiya kumunda, kuli sukulu yomwe yaima. Ndalama ija inathera pa thiransipoti.

Pamalamulo nkhani yotere imayenda njira ziwiri, ndipo musazisokoneze. Yoyamba ndi mlandu wa boma. Kuyendetsa chombo mosasamala mpaka kuika moyo wa anthu pachiswe ndi mlandu m'malamulo a dziko lino, ndipo munthu akafa, ungasanduke mlandu wopha munthu mosakonzekera, womwe umatha kumangitsa munthu zaka zambiri. Pamenepo simulipira loya, woimba mlandu ndi boma, inu ndinu mboni. Njira yachiwiri ndi yanu, yopempha chipukuta misozi: ndalama zomwe mwawononga kuchipatala, ululu, ntchito yomwe munthu sangagwirenso, bwato ndi ukonde zomwe zawonongeka. Wina akhoza kulipa chindapusa kuboma, inu osaona kanthu, ngati simunatsate njira yachiwiriyi. Ndipo ili ndi nthawi yake. Nkhani ya kuvulala m'thupi imayenera kufika kukhoti pasanathe zaka 3. Musamati tidikire mwana akule kaye, mboni zimasamuka, zina zimamwalira.

Woyankha ndani? Woyamba ndi amene anagwira mahandulo. Koma si yekha. Ngati woyendetsayo ndi wantchito wa loji, ndipo anali pantchito yake, mwini loji amayankha nawo pa zomwe wantchito wake wachita. Ngati mwini wake anabwereketsa chinthucho kwa munthu woledzera, kapena kwa mwana, kapena kwa munthu amene sanamuonetse n'komwe kayendetsedwe kake, kapena chinali chowonongeka iye akudziwa, nayenso ali ndi choti ayankhe. Nyanja ili ndi lamulo lake, Inland Waters Shipping Act, ndipo kuli nthambi ya boma ya Marine yomwe imayeza ndi kulembetsa zombo, komanso apolisi a panyanja ku Monkey Bay. Wochita malonda okweza anthu pamadzi mumatha kumufunsa mapepala ake, ndi ngati ali ndi inshuwalansi. Si mwano umenewo.

Zoti ndinu wogulitsa mandasi, mayi, ndiye chifukwa chake kuli a Legal Aid Bureau, maloya a boma othandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Koma iwo sangagwire ntchito ndi mawu oti anali bambo wina wonenepa wa galimoto yoyera. Amafuna nambala ya galimoto, dzina, lipoti la apolisi, lipoti la dokotala, malisiti, mayina a omwe anaona. Loweruka lija mafoni analipo ambiri, ena munajambula chinthu chija chikudumpha mafunde, koma nambala ayi, mumaopa kuti alendo akhumudwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amene muli ndi kanema wa tsiku lija, musafufute, muonane ndi a komiti tikamaliza pano. Mwina galimoto ikuoneka kumbuyo.

A Gogo Chalo ali pano, ndipo bwalo lawo timalilemekeza. Bwato losweka, ukonde wodulidwa, zimenezo angathe kuweruza n'kutha. Koma pomwe pali magazi kapena imfa, iwonso amatumiza kupolisi. Ndikunama, Gogo? Mwamva, avomera.

Ndipo mpeni umenewu umadula mbali zonse. Mwana wanu akaba jet ski ya bwana n'kuwomba munthu, womangidwa ndi iyeyo, ndipo bwana adzati sindinamutume. Mukayendetsa boti usiku popanda nyali, mwaledzera, n'kugunda bwato la mnzanu, lamulo ndi lomwelo, silisankha kuti uyu ndi wa m'tauni uyu ndi wakumudzi. Komanso khoti limayang'ana mbali yanu: ngati munasambira dala kulowa pomwe akuthamangitsira, mutachenjezedwa, chipukuta misozi chimachepetsedwa. Koma wantchito amene wavulala ali pantchito yomwe anamutuma, ameneyo apite ku ofesi ya zantchito kuboma, pali lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito. Asangomupatsa ya sopo n'kumuchotsa.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana kunyanja, nthawi yokonza nyali yakwana. Ndithamange.

Ngozi ikachitika, choyamba injini izime. Wina ali m'madzi, muponyereni chigubu chotseka, chingwe kapena nkhafi, osangodumphira nonse. Wowombedwa mumutulutse atagona chowongoka, wina atagwira mutu kuti khosi lisapindike, mumugoneke pa thabwa kapena chitseko. Zomunyamula wina miyendo wina manja zija ayi. Zomuzondotsa kuti madzi atuluke ayi, mukungotaya nthawi. Ngati sakupuma, mpumireni m'kamwa ndi kukanikiza pachifuwa, alangizi a zaumoyo anationetsa, ndipo abweranso kudzabwereza. Pomwe pakutuluka magazi, kanikizani ndi nsalu yoyera. Musamupatse madzi, phala, kapena kachasu woti atenthedwe, mwina akukalowa ku opaleshoni. Akamasanza, akamasinza, mimba ikauma, thamangani. Wina pa gulupo asanyamule nawo, ntchito yake ikhale kulemba nambala, kujambula chinthucho ndi woyendetsa, ndi kuimbira apolisi. Pepala osasaina.

A komiti, tinagwirizana zoika zigubu zoyandama kuti pakhale malire a posamba ndi pokocheza mabwato, ndipo mlendo aliyense wobwera ndi jet ski ayambe waonekera kwa inu, mumulembe m'kaundula, mumulozere kutali ndi matchera. Zigubu zilipo zinayi, zikufunika zina ndi chingwe, amene ali nazo apereke kwa mlembi lisanafike Lachisanu. Mbale ya chithandizo cha banja lija ili apo pa mpando. A Gogo Chalo, ndabweza kwa inu.