Multimeter yanuyo inayezedwa ndi ndani?

Takulandiraninso abale anga. Tengani multimeter yanu, mita yoyezera zamagetsi ija, pompano, muyike pa ohm, muyezo wa resistance kapena kuti mmene chinthu chimakanizira magetsi kudutsa, kenako mugunditse timawaya tiwirito. Taonani yangayi, 0.3! Sindinayeze chilichonse komatu ikuwerenga, ameneyo ndi resistance wa mawaya omwewa. Ndiye ngati mukuyeza resistor ya 1 ohm mwasokera kale musanayambe nkomwe. Nchifukwa chake ku ma lab amagwiritsa ntchito mawaya anayi, njira ya Kelvin, awiri amalowetsa current, awiri enawo amangowerenga voltage pa resistor penipenipo basi.

Koma anauza mitayi kukula kwa 1 ohm ndani? Sikelo ya ku butchala a MBS, bungwe loona za miyezo ku Malawi, amabwera ndi miyala yawo ya kilo kudzaiyeza. Kumagetsi mwala wake ndi standard resistor, waya wa manganin wotsekeredwa mu kachitini, manganinyo ndi kopa wosakaniza ndi manganese ndi nickel, anamusankha poti kukatentha sasintha kwambiri. Amaiviika mu mafuta osungidwa pa kutentha kumodzimodzi usana ndi usiku, koma olo aisamale chonchi imasunthabe pang'onopang'ono zaka zikamapita, ndiye nayonso imafuna woiyeza.

Apa mpomwe pamandikoma ine. Mu 1980 ku Grenoble, France, katswiri wa sayansi Klaus von Klitzing anaika kachipangizo ka silicon pozizira kupitirira -270 digiri, mkati mwa maginito amphamvu zedi, nkupeza kuti resistance sikukwera mosalala ayi, ikukwera ngati masitepe. Sitepe iliyonse ndi 25,812.807 ohm kugawa ndi 1, 2, 3, choncho. Nambala imeneyi siichita dzimbiri, siikalamba, imachokera pa zinthu ziwiri za chilengedwe, Planck constant, nambala yokhazikika ya mu physics, ndi chaji ya electron, kanthu kakang'ono zedi konyamula magetsi. Analandira nayo Nobel mu 1985, ndipo kuyambira pa 20 May 2019 zinthu ziwirizi akatswiri a miyezo anazikhomerera pa nambala zosasinthanso.

Ndiye ma lab akuluakulu a miyezo, a PTB ku Germany akayeza sitepe imeneyi, a NIST ku America akayeza, yankho limafanana. Iwowo amayezera pamenepo ma standard resistor awo, amenewo amayeza a ma lab ang'onoang'ono, mpaka kufika pa fakitale yomwe inapanga mita ili mmanja mwanuyo. Ngati yanu ili ndi batani la REL, gunditsani mawaya, lidineni, 0.3 uja achoke, kenako muziyeza.