Mphindi Khumi Zozungulira Pakhomo M'mawa

Zikomo nonse chifukwa chobwera. Agogo athu amene mwakhala kutsogolo kuno, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata kumbuyoko, ndakuonani nonse. Mwandipempha kuti ndiyankhule za moyo wa pakhomo, za dimba, ziweto ndi banja. Ndiyambira pa kanthu kakang'ono kamene ndimachita tsiku lililonse, chifukwa zambiri zimene ndikuuzeni lero ndinaziphunzira pamenepo.

Ndikadzuka, ndisanagwire ntchito ina iliyonse, ndimazungulira pakhomo. Ndimayamba kukhola la nkhuku, kenako kwa mbuzi, n'kudutsa pa mulu wa manyowa, n'kukathera m'dimba. Zimanditengera mphindi 10 zokha. M'manja simukhala khasu kapena ndowa. Ntchito yake ndi kuyang'ana basi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pakhomo pali tinthu tambiri timene munthu wothamanga satiwona.

Tiyambe ndi nkhuku. Mukatsegula khola, nkhuku yabwinobwino imatuluka mothamanga, imakupiza mapiko n'kuyamba kupalasa. Inu musayang'ane zimene zatuluka. Yang'anani imene yatsalira pangodya, mapiko atagwa, maso akutsinzina. Imeneyo ndiyo ikukuuzani kanthu. Ine ndinaziphunzira izi mowawa. Chaka china ndinabweretsa tambala wachilendo, wooneka bwino kwambiri, ndipo ndinamulowetsa m'khola tsiku lomwelo. Sabata isanathe, nkhuku zina zinayamba kupuma movutikira, ndowe zake zobiriwira, zina makosi atapindika. Chinali chitopa. Zinafa motsatizana, ndipo zimene zinatsala zinali zowerengeka m'dzanja limodzi. Mwana wanga wamng'ono anali ndi msoti wake umene ankaukonda, ndipo anaulirira masiku angapo. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa.

Chitopa chimabwera ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi, ndipo chikalowa m'khola chilibe mankhwala ochiza. Chinadziwika koyamba mu 1926, pachilumba cha Java ku Indonesia komanso mumzinda wa Newcastle ku England, n'chifukwa chake alangizi ena amachitchula dzina la mzindawo. Chimene chimateteza ndi katemera. Pali katemera wotchedwa I-2 amene amapirira kutentha kuposa akatemera ena, ndipo amangofunika kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, katatu pachaka, miyezi inayi iliyonse. Perekani kwa nkhuku zonse, ngakhale anapiye, zisanadwale. Ndipo nkhuku iliyonse yobwera, yogula kapena yopatsidwa ndi mbale wanu weniweni, ikhale payokha masabata osachepera awiri isanasakanikirane ndi zinzake. Si kukayikira wokupatsaniyo ayi. Iyenso sangadziwe chimene nkhukuyo yanyamula.

Tsopano madzi. Dzira limene mumatola, pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi madzi okhaokha, ndipo thupi la nkhuku limatenga tsiku lathunthu, maola 24 kapena kupitirira pang'ono, kuti lipange dzira limodzi. Chomwera chikauma tsiku lotentha, mazira amachepa, ndipo ife timathamangira kunena kuti nkhuku zakalamba. Ndiye ndifunse, pakhomo panu amathira madzi m'chomweramo ndani? Kwa ine ndi mdzukulu wanga wamkazi. Kwa nthawi yaitali ndinkatola mazira n'kumayamikira nkhuku, osakumbukira kuti pali kamwana kamene kamanyamula kandowa m'mawa ndi madzulo osatumidwa. Ndinazindikira tsiku lina nditamupeza akutsuka chomweracho ndi mchenga, ali yekhayekha, dzuwa lisanatuluke. Nkhani imeneyi ndibwereranso.

Kukhola la mbuzi ndimayang'ana pakamwa. Mbuzi, ngati ng'ombe ndi nkhosa, ili ndi mimba ya zigawo zinayi, ndipo ikakhala phee imabzikula. Mbuzi imene yaima osabzikula, mutu pansi, yosiyana ndi zinzake, musaidikire mpaka mawa. Chachiwiri, kamodzikamodzi gwirani mbuzi iliyonse, mukokere pansi chikope cham'munsi, muone m'kati mwake. Mukakhala mofiira bwino, magazi ali okwanira. Mukatuwa, mukayera ngati pepala, kawirikawiri ndiye kuti njoka za m'mimba zikuyamwa magazi, ndipo mbuziyo ikufunika mankhwala msanga. Njira yoona chikopeyi inakonzedwa ku South Africa, amaitcha FAMACHA, ndipo ubwino wake ndi wakuti mumamwetsa mankhwala mbuzi zokhazo zimene zikufunikira. Mukamamwetsa khola lonse pafupipafupi, njokazo zimazolowera mankhwala mpaka amasiya kugwira ntchito.

Mbuzi imakhala ndi bere pafupifupi masiku 150, ndiyo miyezi isanu. Lembani tsiku limene yakweredwa, ngakhale pakhoma ndi khala, kuti isadzakudzidzimutseni ikuswera kutchire mvula ikugwa. Nkhumba ndi miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu, ng'ombe ndi miyezi 9 ndi masiku angapo, nkhuku imafungatira masiku 21, bakha masiku 28 mpaka 35 malinga ndi mtundu wake. Kamwana kakabadwa, onetsetsani kuti kayamwa mkaka woyamba uja, wachikasu, wokhuthala, m'maola oyambirira. Mu mkaka umenewo muli chitetezo cha mayi wake, ndipo matumbo a kamwanako amatha kuchilandira bwino tsiku loyamba lokha. Likadutsa tsikulo, mwayi wapita. Ndakhalapo pansi m'khola usiku, nyali pambali, ndikugwirizira kamwana kofooka kuti kapeze bere. Mukakamva kakuyamba kuyamwa, kamchira kakugwedezeka, tulo timene mwataya simutikumbukiranso.

Amayi apo mwafunsa za khola lam'mwamba. Inde, ndimalikonda. Pansi pake pakhale mipata yoti ndowe zizigwa koma phazi la mbuzi lisakodwe. Mbuzi imadana ndi chinyezi, ndipo ikagona pouma imadwala kamodzikamodzi. Komanso ndowe zimasonkhana pamalo amodzi, simuvutika kuzitola.

Ndowe zimenezo ndi zimene zimatifikitsa pa mulu wa manyowa, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Anthu ambiri amasesa pabwalo n'kutentha zinyalala. Ine ndikaona utsi wotero ndimamva chisoni, chifukwa chimene chikupsacho ndi chakudya cha nthaka. Mapesi, udzu wouma, masamba ogwa m'mitengo, makoko a zipatso, zotsala pokonza masamba, phulusa pang'ono, zonsezi ziunjikeni mosanjikiza. Pansi zouma, pamwamba pake zaziwisi, kenako ndowe, kenako kadothi pang'ono, n'kuyambiranso mpaka mulu ufike m'chiuno kapena m'chifuwa. Thirani madzi kuti ukhale wonyowa ngati nsalu yofinyidwa, osati kuchita kudontha. Kenako zikani ndodo pakati. Pakapita masiku atatu kapena anayi, zulani ndodoyo muigwire. Ikatentha, dziwani kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tayamba ntchito. Mulu wopangidwa bwino umatentha kufika madigiri 55 mpaka 65, ndipo kutentha kumeneko kumapha njere zambiri za udzu ndi tizilombo ta matenda. Ndodo ikazizira, tembenuzani muluwo, zakunja zilowe m'kati. Ukanunkha ngati chovunda, madzi achuluka, onjezerani zouma. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mupeza zakuda, zofewa, zonunkhira ngati dothi la m'nkhalango, nyongolotsi zili yakaliyakali.

Chenjezo limodzi. Zitosi za nkhuku zaziwisi ndi zamphamvu kwambiri, zimawotcha mizu ya mbewu zanthete. Ndipo ndowe zaziwisi za chiweto chilichonse zisamayikidwe pafupi ndi masamba amene mukuthyola posachedwa, chifukwa zingadwalitse ana m'mimba. Ziyambe zawola.

Taonani tsono mmene zinthu zimayendera. Masamba akunja a kabichi amapita kwa mbuzi. Mbuzi imapereka ndowe. Ndowe zimapita pa mulu, nkhuku zimapalasa m'mbali mwake n'kudya mphutsi, mulu umapita m'dimba, dimba limadyetsa ana, ndipo ana omwewo ndi amene amatunga madzi a nkhuku. Palibe chimene chikudzidyetsa chokha pamenepa. Ngakhale ine mwini khomo, zambiri zimene ndimadya zinagwiriridwa ntchito ndi manja ena ndi tizilombo timene sindinationepo.

M'dimba ndi momwemonso. Mukazula nyemba kapena mtedza mosamala, pamizu pake mupeza timibulu tating'ono ngati timikanda. Ena amaganiza kuti ndi matenda. Ayi ndithu. Tswanyani kamodzi ndi chikhadabo. M'kati mukakhala mofiirira, ndiye kuti muli mabakiteriya amene akutenga nayitrojeni mumpweya n'kuisandutsa chakudya cha mbewu. Mpweya umene tikupumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitrojeni, koma chimanga kapena tomato sangaitenge yekha mumpweyamo. Mu 1886 katswiri wina wa ku Germany, Hermann Hellriegel, pamodzi ndi mnzake Hermann Wilfarth, anaonetsa kuti timibulu timeneti ndi timene timathandiza mbewu za mtundu wa nyemba kupeza nayitrojeni. Koma alimi anali ataziona kalekale, kuti pamene panali nyemba chaka chatha mbewu ina imakula mosangalala. Anaziona chifukwa ankayang'ana. Choncho chitani kasinthasintha, ndipo mukakolola musatenthe zotsalira zake, zibwerere m'nthaka. Pakati pa mizere phimbirani ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe ndi dzuwa. Ndipo mukamadutsa m'mawa, tembenuzani tsamba limodzi kapena awiri muone kunsi kwake, chifukwa nsabwe za m'masamba ndi mazira a mbozi zimabisala kumeneko. Mukazipeza zikadali zochepa, zala zanu zokha zimakwanira.

Ndibwerere kwa mdzukulu uja. Tsiku limene ndinamupeza akutsuka chomwera, madzulo ake tikudya ndinanena pamaso pa onse kuti, mazira amene tikudyawa ndi chifukwa cha mwana uyu, amene sanalole kuti nkhuku zigone ndi ludzu. Anayang'ana pansi mwamanyazi, koma ndinaona mmene nkhope yake inawalira. Kuyambira pamenepo tinayamba kachizolowezi. Madzulo aliyense amatchula chinthu chimodzi chimene waona tsikulo ndipo akuchiyamikira, n'kutchulanso amene wachichita. Kungoti zikomo chifukwa cha zonse n'kosavuta, ndipo mwana samva kuti akunena iyeyo. Koma mukati, zikomo mwanawe chifukwa unatseka khola mvula isanayambe, amadziwa kuti wina anamuona. Abambo, akazi anu amene amadzuka inu musanadzuke, munawauzapo liti? Amayi, amuna anu akakonza mpanda umene mbuzi zinkadutsira, mumanenapo kanthu? Ndikufunsa chifukwa ine ndinakhala zaka zambiri ndikuona zolakwika zokha, chitseko chosatsekedwa, khasu losiyidwa pamvula, ndipo zabwino ndinkaziyesa zongochitika zokha.

Akatswiri a maganizo a anthu anaifufuzaponso nkhaniyi. Mu 2003, Robert Emmons ndi Michael McCullough a ku America anafalitsa zimene anapeza atagawa ophunzira m'magulu. Ena ankalemba sabata iliyonse zinthu zisanu zimene akuyamikira, ena zinthu zisanu zimene zawasowetsa mtendere. Patatha masabata 10, olemba zoyamikira aja ankaona moyo wawo kukhala wabwinopo, ndipo ankadandaula mocheperapo za zowawa m'thupi. Ine sindinadabwe nditamva zimenezi, chifukwa ndinali nditaziona kale patebulo langa.

Koma musandimve molakwa. Kuyamika sikutanthauza kunamizira kuti zonse zili bwino. Chaka cha chitopa chija sindinayamikire kuti nkhuku zafa. Ndinalira, ndinakwirira zakufazo mozama kuti agalu asazifukule, ndinasesa ndi kutsuka khola, n'kulisiya lopanda kanthu kwa nthawi. Chimene ndinayamikira chinabwera pambuyo pake. Mayi wina woyandikana nafe, amene analibe zambiri, anabwera m'mawa wina atanyamula misoti iwiri m'manja, nati, yambiraninso. Misoti imeneyo ndinaisunga payokha masabata awiri, ndinaipatsa katemera, ndipo nkhuku zonse zimene zili pakhomo panga lero ndi zidzukulu zake. Chaka chatha banja lina lachinyamata linataya nkhuku zawo, ndipo ndinawapititsira misoti iwiri yochokera m'khola lomwelo.

Achinyamata inu, wina anandifunsa tisanayambe kuti ayambe ndi chiyani popeza alibe malo aakulu. Yambani ndi zimene mungathe kuziyang'ana tsiku lililonse. Nkhuku zitatu ndi kabedi kamodzi ka masamba n'zokwanira chaka choyamba. Mukaphunzira kuzindikira nkhuku yodwala isanagwe, ndiponso mulu wanu woyamba wa manyowa ukapsa, mudzawonjezere mbuzi.

Ndabwera ndi mizu ya nyemba imene ndazula m'mawa uno, ili mu beseni apa. Mwanawe, tatenga uyambire kwa agogo kutsogoloku. Aliyense athothole kambulu kamodzi, atswanye ndi chikhadabo, aone mtundu wake m'kati. Amene apeze kobiriwira kapena kotuwa andiuze, ndifotokoze chimene chachitika. Pamene beseni likuzungulira, abambo amene munakweza dzanja kumbuyoko, funsani funso lanu.