Mawu a M'mawa: Ndalama Yagalasi

Abale ndi alongo okondedwa, mwadzuka bwanji? Lemba lathu la lero likuchokera pa 1 Samueli 16:7, pamene Mulungu akuuza Samueli kuti munthu amayang'ana zooneka ndi maso, koma Yehova amayang'ana mumtima.

Mu 1925, mlembi wa ku France, André Gide, anatulutsa buku lotchedwa Les Faux-monnayeurs (kutanthauza "Opanga Ndalama Zabodza"), lomwe mpaka lero anthu amasiyana maganizo pa za ilo. Gide analandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba mu 1947, koma mu 1952, iye atamwalira kale, mpingo wa Katolika unaika mabuku ake pamndandanda wa mabuku oletsedwa. Ine sindivomereza zonse zimene munthuyu ankakhulupirira, komabe m'bukumo muli nkhani imene Mkhristu aliyense ayenera kuilingalira.

Mnyamata wina wa ku Paris, dzina lake Bernard, atapeza makalata obisika a mayi ake, anazindikira kuti bambo amene anamulera si amene anamubereka. Mwaukali analemba kalata yowawa n'kuchoka pakhomo, poganiza kuti chikondi chonse cha bamboyo chinali chachiphamaso. Pambuyo pake tikumuona Bernard atagwira ndalama ya mafaranki 10 (ndalama za ku France panthawiyo) yonyezimira ngati golide, pamene mkati mwake ndi galasi lopakidwa golide pamwamba, moti ikamakhulidwa utotowo umasuluka. Iye mwini ankalakalaka kuti moyo wake, ukagundidwa ndi chilichonse, uzimveka kulira kwenikweni osati kwa chinthu chabodza.

Chimene chimandikhudza mtima ndi chakuti mnyamata wodana ndi chinyengoyu anaweruza molakwa munthu amene anali woona mtima koposa. Bambo uja, amene anali woweruza milandu, sanaleke kufufuza mwakachetechete za umoyo wa mwana amene sanali wa magazi ake, ndipo polankhula za iye misozi inkalengeza. Bernard anayang'ana magazi ndi dzina, osaona mtima umene unamusamala kuyambira ali wakhanda, ndipo anabwerera kwawo atamva kuti bamboyo akudwala.

Ifenso timafulumira kutcha anzathu achinyengo chifukwa cha mbiri imene tamva, osafufuza zaka zimene akhala akutichitira zabwino mosaonetsera. Mwina lero pali kholo lokulerani, mayi wopeza kapena amalume amene munawatalikira pa chifukwa chonga chimenechi.

Tiyeni tipemphere ndi mawu a Salmo 139:23, kuti Mulungu atisanthule ndi kudziwa mitima yathu, atipatsenso mphamvu zowaimbira foni anthu amenewo dzuwa lisanalowe. Ameni.