Musanatsegule khola m'mawa uno

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Okutobala wafikadi. Kwacha kumene koma kwayamba kale kutentha, ena ali kumunda kusosa, ena akugalauza, ndipo tonse maso ali kumwamba kudikira mvula. Musanatsegule khola ndi kunyamula khasu, tiyeni tiwerenge Miyambo 27:23-27.

Ndimeyi ikuti munthu azidziwa bwino mmene nkhosa zake zilili, aziika mtima pa ziweto zake, chifukwa chuma sichikhala mpaka kalekale, ngakhale chisoti chaufumu sichikhala mibadwomibadwo. Ikupitiriza kunena kuti udzu ukamwetedwa, msipu watsopano n'kuphuka, ana a nkhosa adzamuveka munthuyo, atonde adzamugulira munda, ndipo mkaka wa mbuzi udzakwanira iye, banja lake ndi antchito ake.

Mawu amenewa ali m'chigawo cha miyambo ya Solomoni imene anthu a Hezekiya, mfumu ya Yuda, anailemba ndi kuisunga, monga ikunenera Miyambo 25:1. Taganizani. Anthu a kunyumba yachifumu, amene ankaona golide ndi maso awo, ndi amene akutiuza kuti ufumu umatha koma mbuzi yosamalidwa bwino imadyetsa banja. Ine mawuwa amandilimbitsa mtima kwambiri. Mulungu sanyansidwa ndi fungo la khola. Nkhani za msipu, mkaka ndi ndowe anazilola kuti zilowe m'Mawu ake, pafupi ndi nkhani za mafumu ndi aneneri.

Chimene chili pamtima panga m'mawa uno ndi ichi: munthu sangayamike chinthu chimene sachidziwa. Mapemphero athu ambiri a m'mawa amayamba ndi "Zikomo Ambuye pa zonse", kenako timathamangira kumndandanda wa zosowa. Feteleza wakwera, fizi ya mwana sinakwane, denga likudontha, ngongole ya kubanki m'khonde yatsala masiku ochepa. Zonsezi n'zoona ndipo Mulungu amafuna kuzimva. Koma "zonse" zija tathokozazo ndi ziti? Atatifunsa kuti titchule zisanu zokha za pakhomo pathu pomwe, ambiri tingayambe kukanda m'mutu.

Pitani kwa agogo amene amaweta nkhuku zachikuda mukaone. Iwo sanena kuti "nkhuku zanga" basi. Amadziwa thadzi lofiira limene limaikira kuseri kwa nkhokwe, lamawangamawanga limene silitaya anapiye ngakhale kabawi atazungulira tsiku lonse, ndi msoti uja unachokera kwa mlamu wawo. Imodzi ikasowa madzulo, sachita kuwerenga kawiri. Munthu wotere akagwada n'kunena kuti zikomo, zikomo wakeyo ali ndi thupi. Akudziwa chimene walandira.

Ndipo tikayang'anitsitsa, timapeza kuti pakhomo pamachitika zinthu zimene ife sitiikapo dzanja. Thadzi limafungatira mazira masiku 21. Inu munangoikapo udzu ndi kuthamangitsa galu. Amene anaumba mlomo, maso ndi timiyendo m'kati mwa chigoba ndani? Mbuzi imakhala ndi bere pafupifupi miyezi isanu, ng'ombe miyezi isanu ndi inayi, nkhumba miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu. Nthawi yonseyi mwini khola amagona tulo. Ambuye Yesu ananena zomwezi za mbewu pa Marko 4:26-29, kuti munthu amafesa, n'kumagona ndi kudzuka usiku ndi usana, mbewu n'kumera ndi kukula, iye osadziwa kuti zikuchitika bwanji. Umayamba mmera, kenako ngala, kenako maso okhwima m'ngalamo. Alimi timawadziwa bwino mawuwa kuposa wina aliyense, koma ndife omwe timazolowera msanga, mpaka kuona chozizwitsa ngati chinthu wamba.

Mose anachenjeza Aisraele za kuzolowera kumeneku pa Deuteronomo 8. Sanawachenjeze za nthawi ya njala ayi. Anati chenjerani pamene mwadya ndi kukhuta, pamene mwamanga nyumba zabwino, pamene ng'ombe ndi nkhosa zanu zaswana, kuti mungayambe kunena mumtima kuti mphamvu zanga ndi dzanja langa ndi zimene zandipezera chuma chimenechi. Ndi zoona ndithu. Mu Febuluwale, ufa ukatha m'nyumba, tchalitchi chimadzaza ndipo mapemphero amatalika. Mu Meyi ndi Juni, ngolo zikututa, mumamva munthu akufotokozera anzake pabwalo nzeru zake za kalimidwe kuyambira m'mawa mpaka madzulo, dzina la Mulungu osalitchula n'kamodzi komwe. Khama ndi labwino, ndipo ulesi Baibulo silinauyamikirepo. Koma mnzanu wa kutsidya kwa mtsinje analimanso ndi khama lomwelo, mvula n'kumulambalala.

Tsono Miyambo sikutiuza kuti tingodziwa chabe, ikutinso tiikepo mtima. Apa ndi pamene kuyamika kumachoka pakamwa n'kulowa m'manja. Mwezi uno ndi nyengo imene chitopa chimavuta. Chikalowa m'mudzi chimatha kupululutsa nkhuku khola lonse m'masiku ochepa, ndipo nkhuku ikadwala kale palibe mankhwala ochiza. Koma katemera alipo, wotchedwa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kubwereza pakapita miyezi itatu kapena inayi, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa mtengo wa nkhuku imodzi. Alangizi a ziweto ndi anthu ophunzitsidwa kutemera amapezeka m'madera ambiri. Munthu amene wanena kuti zikomo chifukwa cha nkhuku zake m'mawa, n'kumulola wotemera kudutsa pakhomo masana, pemphero lake lija latsala theka. Kudalira Mulungu ndi kutemera nkhuku sizilimbana.

Chimodzimodzi khola la mbuzi. Mvula ikubwera. Mbuzi zogona m'matope zimaola ziboda ndi kugwidwa njoka zam'mimba, n'chifukwa chake khola la m'mwamba limathandiza, ndipo ndowe zogwera pansi zimakhala manyowa osavuta kuwola. Ng'ombe zodzaza nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa mchira zikulira kwa mwini wake ngakhale sizilankhula. Miyambo 12:10 ikuti wolungama amasamalira moyo wa chiweto chake. Sindikhulupirira kuti tingaimbe bwino Lamulungu pamene ng'ombe zokoka ngolo zili ndi zilonda za chikwapu pamsana, kapena mbuzi yamangiriridwa padzuwa la Okutobala tsiku lonse popanda madzi. Ndipo mbewu zikamera, tizimangirire mbuzizo zisakadye chimanga cha eni ake. Milandu yambiri imene imafika kwa amfumu m'dzinja imayambira pamenepa, ndipo mdalitso wanu usakhale misozi ya mnansi wanu.

Za kudimba ndinene mwachidule, pakuti amene muli nalo mukudziwa kale. Bedi limodzi la mpiru, lina la tanaposi, mizere ingapo ya tomato ndi anyezi, ndi chitsime chimene mwezi uno chikupita pansi tsiku ndi tsiku. Ntchito yake ndi yowawa, kutunga ndi keni m'mawa ndi madzulo mpaka msana kuuma. Koma ndi dimba limeneli limene limagula mchere, sopo ndi makope, ndipo ana sadya nsima ndi madzi amchere. Nanga bonongwe, chisoso ndi denje zimene zimamera zokha mvula ikagwa, anabzala ndani? Nanga nkhwani ndi khwanya zimene amayi anafutsa mu Malichi, zimene tikudya lero pamene kunja kwauma gwa? Sindinamvepo munthu akuimirira m'tchalitchi kuchitira umboni za mfutso. Komatu mabanja ambiri aoloka chilimwe chifukwa cha iwo.

Apa ndafika pa anthu, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene timalephera kwambiri. Ziweto ndi mbewu sizidzisamalira zokha. Pali mnyamata amene amaweruka kusukulu n'kupita kudambo ndi ng'ombe anzake akusewera mpira. Pali mtsikana amene amatunga madzi a nkhumba asanasambe n'komwe. Pali amayi amene adzuka kusanache, asesa, akoleza moto, apita kudimba, abwerako ndi ndiwo, apita kuchigayo, ndipo madeya sanawataye, awasungira nkhuku. Pali agogo amene amakhala pakhonde tsiku lonse, ena n'kumati sagwira ntchito, pamene ndi iwo akuingitsa kabawi ndi kuyang'anira chimanga choyanika. Anthu amenewa anamva liti mawu akuti "mwagwira ntchito, zikomo" kuchokera kwa ife?

Abambo anzanga, ndilankhule nanu mwachikondi koma mosabisa. Si bwino kuti mbuzi imene mayi ndi ana aiweta zaka ziwiri ituluke m'khola m'mamawa kupita kumsika iwo osadziwa, ndalama yake n'kuthera kumene sakudziwanso. Chimenecho n'kusayamika, ndipo Mulungu amaona. Ndime yathu ikuti mkaka wa mbuzi ndi wa banja lonse, mpaka antchito omwe. Mukafuna kugulitsa, khalani pansi pamkeka, mukambirane. Nkhuku isamaphedwe pokhapokha kwabwera mlendo. Tsiku lina ipheni chifukwa cha ana anu omwe, adye chiwindi ndi nthutumba, adziwe kuti thukuta lawo likuwerengedwa. Pa Luka 17 Ambuye anachiritsa akhate khumi, wobwerera kudzathokoza anali mmodzi, Msamariya. Yesu anafunsa kuti asanu ndi anayi aja ali kuti. Ngati Mwana wa Mulungu anazindikira kuti sanathokozedwe, kuli bwanji mkazi wanu?

Inu amene mukuwerenga muli ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Joni kapena kutsidya kwa nyanja, mawuwa ndi anunso. Ambiri munaikiza mbuzi kapena ng'ombe kumudzi, mumatumiza ndalama ya feteleza, ndipo mukapita mumabwerako ndi thumba la ufa, mtedza ndi nkhuku m'katoni. Mukaimba foni musamangofunsa kuti zaswa zingati. Funsaninso kuti akuweta ndani, nsapato ali nazo kodi, kusukulu akupita? Ndipo inu a kumudzi musadzione otsalira poona zithunzi za anzanu pa Facebook. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri mwa iwo amagula ngakhale tsamba limodzi la ndiwo, ndipo akalipira lendi amalakalaka atakhala ndi kamunda ngati kanu.

Ndikudziwa kuti pagulu pano pali ena amene mawu a khola akuwalasa mtima, chifukwa khola lawo lilibe kanthu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola anthu, nyumba, minda ndi ziweto ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi maboma ena akummwera. Chaka chotsatira, 2024, ng'amba inawotcha chimanga mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Ena chigodola chinawathera nkhumba zonse sabata imodzi. Ena anadzuka m'mawa n'kupeza mbava zaphwasula khola usiku. Kwa inu sindinganene kuti ingosekani, ndipo Baibulo silikutero. Mneneri Habakuku, pa mutu 3 ndime 17 ndi 18, anatchula zotayika chimodzichimodzi: mkuyu wosaphuka, mpesa wopanda zipatso, azitona olephera, minda yosabala, nkhosa zotha m'khola, ng'ombe zosowa m'makola. Sanabise n'chimodzi chomwe. Atatha kuwerenga m'pamene anati adzakondwerabe mwa Yehova, Mulungu wa chipulumutso chake.  Lirani ndithu, muuzeni Mulungu dzina la ng'ombe imene inapita. Amene anakupatsani poyamba sanakokoloke ndi madzi aja.

Koma ife amene makola athu atsala, tisamusiye mbale wathu ndi vesi lokha. Pa Levitiko 19:9-10 Mulungu analamula kuti pokolola asamamalize mpaka m'mphepete mwa munda, azisiyirako osauka ndi alendo, ndipo ndi lamulo limeneli limene linadyetsa Rute ndi Naomi m'munda wa Boazi. Makolo athu ankati kupatsa ndi kuika. Msoti umodzi wotemera kale, woperekedwa kwa mayi wamasiye mwezi uno, pofika Isitala ukhoza kukhala ndi anapiye ake. Mbuzi yaikazi mukhoza kumuikiza mnzanu n'kugwirizana kuti mwana woyamba akhale wake. Mbewu ya nyemba, mbewu ya chinangwa, nazale ya tomato yotsala pabedi, ngolo ya manyowa. Chopereka cha masika kutchalitchi n'chabwino ndipo tisachisiye, koma china chimafunika kungodutsa mpanda n'kulowa pakhomo loyandikana nalo.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, tikukuthokozani chifukwa cha tulo ndi kudzuka. Zikomo chifukwa cha nkhuku zimene zikulira panjapa, mbuzi zimene zikudikira kutsegulidwa, chitsime cha kudimba chimene sichinaphwe, ndi ufa umene uli m'nyumba, wochuluka kapena wochepa. Zikomo chifukwa cha amayi, abambo, ana ndi agogo amene manja awo amatidyetsa. Mutipatse pakamwa powathokoza lero lomwe. Tetezani ziweto zathu ku chitopa, chigodola ndi mbava. Kumbukirani abale athu amene makola awo ali pululu, ndipo mutionetse amene tingamugawireko. Tipatseni mvula yabwino pa nthawi yake, yopanda mphepo yoononga, ndi mphamvu zolimira. Sungani amene ali kutali ndi kwawo. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Ameni.