Chimene Chakugwirani Usiku Wonse

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye?

Pamene mumatsitsa phazi pabedi m'mawa uno, simunakayike n'komwe kuti lifika pansi. Madzi amene mwathira m'kapu atsika, sanauluke. Mphamvu yokoka imeneyi yakugwirani usiku wonse inu muli mtulo tofa nato, yagwira mwezi, yagwiranso dziko kuti lisatayane ndi dzuwa. Komatu mpaka lero palibe munthu amene anachionapo chimene chimanyamula mphamvuyi.

Asayansi anachipatsa kale dzina, akuti graviton. Amaganiza kuti monga kuwala kuli ndi tinthu take ting'onoting'ono, mphamvu yokoka nayonso iyenera kukhala ndi take. Dzina lilipo, mwini dzina sanapezeke. Ndiye amafunsana kuti, kodi kanthu kameneka kali ndi kulemera? Ngati kalibe, kamathamanga liwiro la kuwala ndipo kukoka kwake kumafika kutali kopanda malire. Ngati kali nako, ngakhale pang'onong'ono, kamatsalira m'mbuyo, ndipo pa mitunda italiitali kukokako kumafooka msanga.

Funsoli lili ndi mbiri yake. Mu 1917 Albert Einstein anaona kuti masamu ake sakulola chilengedwe kukhala chongoima phee, choncho anaikamo nambala ina yoti ichichirikize, imene amaitcha cosmological constant. Mu 1927 wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître, anawerengera n'kupeza kuti thambo likufutukuka, ndipo mu 1929 wasayansi wa ku America, Edwin Hubble, anasonyeza kuti milalang'amba yakutali ikutithawadi. Einstein anaisiya nambala ija. Kenaka mu 1998 magulu awiri a asayansi, poyeza kuwala kwa nyenyezi zophulika, anapeza zodabwitsa: kufutukukako sikukuchepa, kukuwonjezera liwiro. Nambala yotayidwa ija asayansi anakaitolanso. Chimene chikukankha thambo chotere n'chiyani? Ena amati ndi mphamvu ya m'malo opanda kanthu. Ena amati mwina graviton kali ndi kulemera pang'ono, n'chifukwa chake kukoka kumatha mphamvu kutaliko.

Chimene chimandikhudza ine kwambiri ndi cha pa 17 Ogasiti 2017. Nyenyezi ziwiri zakufa, zothinana koopsa, zinagundana kutali kwakuti kuwala kwake kunayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni kuti kutipeze. Mafunde a mphamvu yokoka ananyamuka pamodzi ndi kuwalako. Makina opimira mafunde otere, otchedwa LIGO, ku America, a mikono yotalika makilomita 4, anamva kunjenjemera kwa mafundewo, ndipo pasanathe masekondi 2 kuwala nako kunafika. Taganizani, ulendo wa zaka 130 miliyoni, n'kufika ngati ogwirana manja! Choncho ngati graviton kali ndi kulemera, n'kochepa kosaneneka. Koma kunena motsimikiza kuti kalibiretu, palibe amene wafikapo.

Ndikawerenga zimenezi mtima wanga umathamangira kwa Yobu. Munthu uja ali paphulusa, zilonda thupi lonse, ananena pa Yobu 26:7 kuti Mulungu analenjeka dziko pachabe. Ndipo pa vesi 14 akuti zonsezi ndi m'mphepete chabe mwa njira zake, timangomva kunong'ona kwake. Paulo naye pa Akolose 1:17 akuti mwa Khristu zinthu zonse zimagwirizana pamodzi. Sindikunena kuti Baibulo likuphunzitsa za graviton, ayi. Asayansiwo apitirize kufufuza, ntchito yawo ndi yolemekezeka, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu sachita mantha ndi mafunso awo. Ndikungoona kuti anthu ophunzira chotere amavomera poyera kuti apa sitinadziwe, koma m'mawa amadzukabe n'kuponda pansi molimba mtima.

Ineyo pali usiku wina umene ndinakhala tsonga pabedi mpaka mbandakucha, ndikuuza Mulungu kuti andifotokozere kaye chifukwa chake, ndipo pokhapo ndidzamudalira. Yankho silinabwere. Kutacha ndinaimirira, miyendo ikunjenjemera, ndipo pansi panandilandira monga mwa masiku onse. Mwina wina mwa inu wadzuka chomwecho lero, ndi matenda osadziwika mutu wake, kapena pemphero limene lakhala zaka osayankhidwa.

Tipemphere. Atate, Inu amene munayala thambo ndipo mukuliyalabe, mukudziwa kulemera kwa kanthu kamene ife sitinakaone. Mukudziwanso kulemera kwa chimene chili mumtima mwa mwana wanu amene akuwerenga mawu awa. Mugwireni lero pamene akutuluka pakhomo. M'dzina la Yesu, Amen.