Jaji Redson Kapindu: kuchokera kwa Lutepo mpaka mlandu wa tipeksi

Takulandirani abale. Lero tikamba za jaji mmodzi wa ku High Court yemwe dzina lake mwalimvapo kambirimbiri pa wailesi, a Redson Kapindu.

Bambowa malamulo anawaphunzira ku Chancellor College ku Zomba, kenako anakapitiriza ku South Africa komwe anakatenga PhD, ndipo asanavale mkanjo wa ujaji ankaphunzitsa malamulo ku University of Johannesburg. Ndiye mukamawerenga zigamulo zawo zimachita kuonekeratu kuti walemba ndi mphunzitsi, zitalizitali, atchula mlandu uwu atchula uwo, wa kuno wa kunja, mpaka iwe wowerenga khosi kuuma.

Ambirife tinayamba kuwamva mu 2015 pa nkhani ya Cashgate. Oswald Lutepo anavomera yekha milandu iwiri, wopangana ndi ena kubera boma komanso wozembetsa ndalama zakuba kuti zioneke ngati zabwinobwino, ndalama zake pafupifupi K4.2 biliyoni. A Kapindu anamupatsa zaka 3 pa woyambawo ndi zaka 8 pa wachiwiri. Tsono apa mvetserani, khoti likhoza kunena kuti zilango ziwiri ziyendere limodzi, zikanatero bwenzi zili zaka 8 basi. Iwo anati ayi, chithe china ndiye chiyambe chinzake. Zonse pamodzi 11.

Koma mlandu waukulu ndi wa chisankho cha 21 Meyi 2019. MEC inalengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi 38.57 peresenti, a Lazarus Chakwera 35.41, a Saulos Chilima 20.24, awiriwa n'kuthamangira ku khoti. Anakhala majaji asanu, a Healey Potani ngati wapampando, a Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Michael Tembo ndi a Kapindu, ndiye tisanamizane kuti chigamulocho ndi cha munthu mmodzi, onse asanu anagwirizana. Pa 3 Febuluwale 2020 ku Lilongwe anawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500, kuyambira m'mawa mpaka kunja kuda, asilikali ali mbwee panja, dziko lonse makutu ali pa wailesi.

Aliyense amakumbukira tipeksi, zoona, mapepala a zotsatira ofufutidwa, ena osasainidwa. Koma kwa ine mtima wa chigamulo chija ndi liwu limodzi la mu gawo 80(2) la Konsititushoni, majority. Kodi limatanthauza amene waposa anzake, olo ndi voti imodzi, kapena amene wapeza kuposa theka la mavoti onse? Khoti la Supreme linali litanenapo kale pa mlandu wa a Gwanda Chakuamba, wa chisankho cha 1999, kuti ndi woposa anzake basi. Asanuwa anati ayi, ndi 50+1. Taganizani, khoti laling'ono kutsutsa lalikulu, zimenezo pamafunika chiwindi. Analamula chisankho china pasanathe masiku 150, Supreme inavomereza pa 8 Meyi, tinavotanso pa 23 Juni, ndipo chaka chomwecho majajiwa analandira Chatham House Prize ya ku London.

Nkhani siinathere pomwepo. A Kapindu anadzakhala ku nthambi ya High Court yoona milandu ya zachuma, ndipo mlandu wa katangale womwe bungwe lothana ndi katangale la ACB linkazenga malemu a Chilima unagwera pa tebulo lawo, munthu yemwe uja anali wodandaula mu 2020 tsopano ali woimbidwa mlandu pamaso pa jaji yemweyo. Mu Meyi 2024 DPP, mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma, anauthetsa mlanduwo umboni usanamveke. Anthu analankhula zambiri pa Facebook, ena kuloza chala jaji, koma mphamvu yothetsa mlandu Konsititushoni inaipereka kwa DPP osati kwa jaji, DPP-yo zifukwa zake amakafotokoza ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo. A Kapindu chikalatacho chitawafika anawamasula a Chilima.