Misewu ya wapanjinga wa ku Zomba: ku Chilwa, kuphiri ndi ku Liwonde

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata akabaza amene mwasiya ntchito kuti mudzamve nawo. Ndapemphedwa kulankhula za maulendo a panjinga yakapalasa. Sindikunena zopita kuchigayo kapena zokatula munthu pa Mpondabwino ayi, koma ulendo wautali, wonyamuka tambala atangolira n'kubwerako dzuwa litapendeka. Ambirinu miyendo muli nayo kale. Chimene ndikufuna timvane n'chakuti msewu uliwonse wotuluka mu Zomba muno uli ndi khalidwe lake, ndipo amene amagwa ulesi panjira kawirikawiri si munthu wofooka, koma amene anaganizira zopita zokha, zobwerera osaziwerengera.

Tauni yathuyi inakhala pakati. Kumtundaku kuli phiri, nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Kumunsi chakum'mawa kuli nyanja ya Chilwa, pa mamita pafupifupi 620. Ife tili cha m'ma 900. Manambala atatuwa muwasunge, chifukwa ndi amene akukuuzani kumene mukatsetsereke ndi kumene mukakhetse thukuta.

Tiyambe ndi ku Chilwa. Mumatenga msewu wa ku Liwonde pang'ono, pa Matawale n'kukhotera kumanja, kudutsa ku Airwing, kudutsa pa Govala, mpaka kudoko la Kachulu. Ndi makilomita pafupifupi 30. Phula musaliyembekezere njira yonse. Popita njinga imachita ngati ikudziyendetsa yokha, munthu n'kumadziona ngati katswiri. Pobwera ndiye pali nkhani, chifukwa kutsika konse kuja muyenera kukubweza, dzuwa lili paliwombo, m'botolo mwatsala madzi a pansi. Choncho ulendo wa ku Kachulu muziuwerenga wa makilomita 60, ndipo theka lachiwirilo ndiye lolemera. Mukafika kudoko madzi anu atatha, mwalakwitsa kale.

Pamsewu umenewu pali adani awiri. Nthawi ya chilimwe ndi mchenga. Mukaona mchenga kutsogolo musamange buleki yakutsogolo, ndipo handulo musaigwedeze. Khalani chakumbuyo kwa chishalo, palasani osalekeza, tayala lidzipezere lokha njira. Nthawi ya dzinja ndi dothi la makande lija. Limamata tayala, n'kudzaza m'madigadi mpaka gudumu kukana kuzungulira, ndiye mupezeka mukutokosa ndi kamtengo pa mtunda uliwonse. Mvula ikagwa usiku, ulendo wa ku Chilwa uimitseni kaye.

Koma mukafika, abale, simunong'oneza bondo. Njedza yatambalala mpaka kumene maso alekeza, mabwato akukocheza, matemba ayanikidwa, mlamba uli pamoto, makumba ali m'mabeseni, patsidya chilumba cha Chisi chili njo. Asodzi ena amagonera m'nyanja momwemo, m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya. N'chifukwa chake mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995, ndiponso mu 2018 pamene mbali yaikulu inasanduka matope ong'ambika, mabwato atagona pamtunda. Mu 1997 inalembedwa m'pangano la Ramsar ngati dambo lofunika pa dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha mbalame za m'madzi. Madzi ake musamwe, ngakhale ludzu likule bwanji. Kolera kumeneko si mlendo, likodzonso lilipo, choncho zolowa m'madzi kuti mudziziziritse zisiyeni.

Tsopano tikwere phiri. Kuchokera m'tauni kukafika ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri, ndi makilomita cha m'ma 10, koma pa kamtunda kameneko mumakwera mamita pafupifupi 600. Amene muli ndi njinga zamagiya, lowani giya yopepuka musanayambe kupuma wefuwefu. Mukasintha giya mwendo uli chikanikizire, tcheni chimadumpha kapena kuduka. Amene njinga zanu zilibe magiya, tsikani muzikankha, palibe chamanyazi.

Pokwera palibe amene amafa. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi kutsika. Tonse tawaona abale athu akutsika ndi mtolo wa nkhuni wotalika kuposa mutu wawo, phazi litakanikiza tayala m'malo mwa buleki. Amachita zimenezo chifukwa cha umphawi, ndipo ena avulala. Inu musatengere. Musananyamuke pansi pano finyani mabuleki onse awiri, njinga muikankhe, muone ngati ikukana. Labala wa buleki akatha, gulani wina, mtengo wake sufika pa wa chipatala. Potsika gwirani onse awiri, muzifinya n'kumasula, kufinya n'kumasula. Mukangogwiriratu osalekeza, limu imatentha, labala amafewa, ndipo chubu chingathe kuphulika. Liwiro muzichepetsa musanalowe pakona, osati muli kale pakati pake, chifukwa kuseri kwa konako kungakhale galimoto, lole ya matabwa, kapena mayi wasenza mtolo. Kukakhala chiperoni limu imanyowa, buleki imayamba yatsetsereka isanagwire. Juzi musaiwale. Mukwera mukutuluka thukuta, koma potsika mphepo imalowa m'mafupa, zala n'kuuma, buleki yomwe n'kulephera kuifinya.

Pamwamba pali damu la Mulunguzi limene timamwa m'tauni muno, pali mathithi a Williams, pali dzenje la Chingwe. Palinso malo awiri oonera kutali, Queen's View pamene anaima mayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi Emperor's View pamene anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Misewu ya m'nkhalangomo ndi yafumbi, ili ndi mphambano zambiri zofanana, ndipo nkhungu ikatsika munthu umasokera mosavuta. Musapite nokha ulendo woyamba.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa ndi pamene pamandikhudza mtima. Mukaima pa Emperor's View kunja kutayera, mumaona Chilwa, mumaona Chisi, mumaona phiri la Mulanje. Ndiye mutembenuke muone kumbuyo kwanu, zitsa zokhazokha pamene panali paini, ndi mapiri akuda ndi moto wa mu Seputembala ndi Okutobala. Madzi a Mulunguzi amathira mu Likangala, Likangala n'kukathira mu Chilwa. Domasi nayenso amachokera m'mapiri omwewa. Dothi lokokoloka paphiri pamene tadula mitengo likukathera m'nyanja yosaya kale ija, ndi m'minda ya mpunga ya ku Likangala ndi ku Domasi. Wapagalimoto zimenezi sazigwirizanitsa, amangodutsa. Wapanjinga amene wakwera phiri sabata ino n'kupita ku Kachulu sabata yamawa amadzionera yekha kuti wa makala ndi msodzi wa matemba akudyera m'mbale imodzi.

Msewu wachitatu ndi wa M3, wopita kumpoto. Chinamwali, Songani, Domasi, Malosa, Machinga, kenako Liwonde, makilomita opitirira pang'ono 50. Ndi waphula, zitunda zake n'zopiririka, mapiri a Malosa ali kumanzere kwanu. Vuto lake si miyendo koma magalimoto. Yendani kumanzere, mondondozana, osati awiriawiri mukucheza. M'mphepete mwa phula mwina munadyeka, ndiye lole ikakupanikizani mukatsikira pamenepo mwaliwiro, tayala limapinda. Mukamva lole kumbuyo, ina ikubwera kutsogolo, chepetsani liwiro mupatuke mwa kufuna kwanu isanakupatutseni. Pamisika monga pa Songani, minibasi imaima paliponse, chitseko n'kutseguka, mwana n'kudumphira mumsewu. Belu lizilira, dzanja lizionetsa kumene mukukhotera. Usiku ngati mulibe nyali ndi chonyezimira kumbuyo, musayerekeze.

Mukadutsa pa boma la Machinga msewu umatsetsereka kulowa m'chigwa cha Shire. Mphepo imasintha, kutentha kumakulandirani, malambe n'kuyamba kuoneka. Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, imene inamangidwa mu 1965 kuti izilamulira madzi a Shire. Imani muone mvuu, koma pagombe musatsikire kukasamba kumaso, ng'ona za mu Shire sizichita masewera. Pobwerera chitunda cha Machinga chija chikukudikirani, choncho ndi bwino kugona ku Liwonde n'kuchikwera m'mawa kusanatenthe.

Amene mtima wanu uli kunyanja yaikulu, kuchoka pa Liwonde mudzera pa Ulongwe, nyanja ya Malombe ili chakumanja, mpaka ku Mangochi, makilomita pafupifupi 75 a chidikha. Kuchoka apo ndi Monkey Bay ndi Cape Maclear. Umenewu ndi ulendo wa masiku angapo. Mu Juni ndi Julayi kumazizira bwino, ndipo mwera umakukankhani kumsana popita. Pobwera mwera womwewo uli pamphumi.

Zonyamula sizichuluka: pampu, sulushoni ndi zigamba, chubu chapadera, masipanala okwana mabawuti a njinga yanu. Madzi malita awiri kapena kuposa, nthochi, mtedza, mbatata yootcha. Muzimwa ludzu lisanafike, muzidya njala isanakugwireni, chifukwa miyendo ikangoti zii panjira siibwerera msanga. Amayi, ulendowu ndi wanunso. Chitenje chokha muchimange bwino, chisalendewere ku masipoko kapena ku tcheni.

Inu akabaza, alendo amene amabwera kudzaona phiri ndi nyanja amafuna munthu wodziwa njira, wodziwa kumata chubu, wotha kuwauza kuti phiri ilo ndi liti, mtsinje uwu ukupita kuti. Imeneyo ndi ntchito, ndipo mungaigwire. Koma mukawatenga muziwaphunzitsanso mwambo wathu. Mukaona masamba aikidwa pamsewu, pali maliro. Tsikani panjinga, vulani chipewa, kankhani mpaka mudutse masamba a mbali inayo. Chithunzi cha munthu musajambule musanapemphe, makamaka kudoko.

Amene simunayendepo ulendo wautali, musayambire kuphiri. Yambirani msewu wa ku Jali, wolowera ku Phalombe. Ndi waphula, zitunda n'zochepa, Mulanje ali kutsogolo kwanu. Pitani makilomita 10, mutembenuke, sabata inayo muonjezere. Kungoti chidutsireni namondwe Freddy mu 2023, amene anaononga misewu ndi milatho m'zigawo zino, muzifunsa kaye madalaivala a minibasi momwe njira ilili, makamaka nthawi ya mvula. Tikatseka msonkhano uno, amene mwabwera ndi njinga musathamangire kunyumba, tidutsemo imodzi ndi imodzi tione mabuleki ndi matayala. Zikomo a mfumu, zikomo nonse.